Nkhoko yoyera m'ketulo: lipoti la nyumba ina ku Dzivarasekwa

Nkhaniyi inandipezera pabwalo la tchalitchi. Ntchito yanga kuno ku Harare ndi yoyeza madzi, a m'mijigo, a m'mathanki ndi a m'mipopi, ndipo anthu akwathu akangodziwa zimenezo amakudikirira mapemphero akatha. Lamlungu lina kumayambiriro kwa Okutobala 2023, bambo wina wachikulire wa ku Dzivarasekwa anandikokera pambali n'kusolola ketulo m'chikwama. Nditasuzumira ndinaona nkhoko yoyera itamatirira pansi ndi pa element, yokhuthala kuposa chikhadabo, ina itagamuka n'kumalira ngati mchenga ukaigwedeza. Inali ketulo yachiwiri chaka chimenecho. Yoyamba inapsa.

"Mwana wanga, taona wekha. Ife kunyumbaku tikumwa simenti," anatero.

Lipotili ndalembera anzanga a ntchitoyi: oyeza madzi, mapulambala ndi alangizi a zaumoyo. Mayina ndi nambala ya nyumba ndasiya dala. Kulakwitsa kwanga pa ulendo woyamba ndiye sindinakusiye, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Pakhomopo, ndi ulendo woyamba

Bambowa anabadwira konkuno. Makolo awo anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya, ndipo nyumbayo anaikuza pang'onopang'ono, zipinda zina kumbali, kanyumba kena kuseri. Amakhalamo ndi akazi awo, amene aliyense pakhomopo amawatcha agogo, pamodzi ndi mabanja anayi ochita lendi, maroja monga timanenera kuno. Onse anali anthu 19. Ana aang'ono analipo asanu, mmodzi wa miyezi inayi amene ankamwa mkaka wa m'chitini mayi ake akapita kukagulitsa ku Mbare. Mipopi itatu: wa kukhitchini, wa kubafa ndi wa pa sinki yochapira panja. Pakona panali thanki yobiriwira ya malita 5,000 pa sitandi yachitsulo.

Amene sakuidziwa Harare ayenera kumva kaye chifukwa chake thanki yotere siidabwitsa munthu. Madzi ambiri a mzindawu amachokera ku Lake Chivero ndi Lake Manyame n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, ndipo ochepa amachokera ku madamu a Seke ndi Harava n'kuyeretsedwa ku Prince Edward. Chivero, damu la mu 1952, lili kumunsi kwa mzinda. Mitsinje ya Mukuvisi, Marimba ndi Manyame imatsira m'menemo zimene yatola m'tauni, kuphatikizapo madzi otuluka ku Firle ndi Crowborough kumene amakonzera za m'zimbudzi. Madzi otere amadya mankhwala ambiri kuti ayere, ndipo mu Seputembala 2019 Morton Jaffray inaima chifukwa mankhwala anatha. M'madera ambiri madzi amabwera masiku ena, masiku ena ayi. Ndiye amene angathe amaika thanki yosungiramo a khonsolo akabwera. Nditaona thanki ya bambowa ndinaiyika m'gulu lomwelo osafunsa.

Ndinafika Loweruka m'mawa. Madzi anali atabwera dzulo lake usiku ndipo mawaya onse anali atadzaza zochapa. Ndinafunsa ngati madzi a pampopiwo ndi a khonsolo. Anati inde, ndipo tsiku limenelo sananame.

Ndinasiya mpopi wa kukhitchini ukutuluka mphindi zingapo, n'kuyamba. Piritsi la DPD, loyezera klorini, linapatsa madziwo kapinki kofooka, kusonyeza kuti klorini alipo ngakhale wochepa. pH, muyezo wa asidi m'madzi, inali pang'ono pamwamba pa 7. Hardness, kuchuluka kwa michere yosiya nkhoko m'madzi, ndinayeza ndi kabokosi kodontheza kaja: umathira ufa wosintha mtundu madzi n'kufiirira, kenako umadontheza mankhwala otchedwa EDTA n'kumawerenga madontho mpaka madzi asanduke abuluu. Inatuluka cha pa mamiligalamu 100 pa lita, powerengera ngati calcium carbonate. Ndinasamba m'manja ndi sopo wawo womwewo, thovu linabwera bwinobwino. Sampulo ya kulabu inabwerako yopanda E. coli, tizilombo tosonyeza kuti m'madzi mwalowa za m'chimbudzi.

Liwu loti hardness ndilisiya momwemo chifukwa ndi limene timagwiritsa ntchito. Kumudzi madzi otere timangoti amchere, kapena osagwira sopo, ngakhale kuti kawirikawiri si mchere wa m'ndiwo umene uli m'menemo. Ndi calcium ndi magnesium zimene madzi asungunula m'miyala. Pansi pa 60 timati madzi alibe hardness yodandaulitsa, pakati pa 60 ndi 120 ndi apakatikati, kupitirira 180 ndi ochuluka kwambiri. WHO imanena kuti nkhoko imayamba kuvuta m'mapaipi ndi m'zotenthetsera madzi hardness ikapitirira pafupifupi 200, ndipo sinaike malire a zaumoyo pa hardness, chifukwa pa milingo imene imapezeka m'madzi akumwa siidwalitsa.

Ndinauza bambowo kuti madzi awo ali bwino, kuti nkhokoyo mwina ndi ya kalekale, atsuke ndi viniga basi. Anandiyang'ana, anayang'ana ketulo, anathokoza mwaulemu n'kundiperekeza pageti.

Masamu amene ndikanachita pomwepo ndi a mwana wa pulayimale. Ketulo imene imawiritsa malita asanu patsiku, ngati lita iliyonse ikusiya mamiligalamu 200, ndiye kuti galamu imodzi patsiku, magalamu 30 pamwezi. Nkhoko ya m'ketulo ija inali ya mtundu umenewo, ndipo ketuloyo anali ataigula miyezi inayi yokha m'mbuyomo. Madzi a hardness ya 100 sangaunjike nkhoko yotero pa miyezi inayi. Ketulo inali ikunena za madzi a miyezi inayi, kabokosi kanga kakunena za madzi a m'mawa umodzi, ine n'kukhulupirira kabokosi.

Milungu itatu ya pakati

Zimene zinachitika nditachoka ndinazimva pambuyo pake kwa amayi a pakhomopo. Patapita masiku ochepa panadutsa wogulitsa masefa a madzi. Anatunga madzi m'tambula yagalasi n'kuviikamo kachipangizo ka timitengo tachitsulo kolumikiza kumagetsi. Mphindi imodzi isanathe madzi anada, pamwamba n'kuyandama zofiirira ngati matope. Masewerawa ambirife timawadziwa. Chimene chimadetsa madziwo ndi chitsulo cha kachipangizo komweko chikusungunuka, ndipo chimasungunuka msanga m'madzi alionse amene ali ndi michere, ngakhale abwino kwambiri. Koma kwa munthu amene wauzidwa kumene ndi katswiri kuti madzi ake ali bwino, pamene ketulo yake ikunena zina, wogulitsayo ndi amene anaoneka wonena zoona.

Sefayo sanagule, inali yodula. Agogo ndi amene anabweretsa njira yawo. Iwo anaona kuti madzi akangotungidwa amakhala oyera mbee, ozizira, okoma. Akawiritsidwa m'pamene pamwamba pamabwera kautoto koyera ndipo pansi pamatsala zonga ufa. Ndiye anagamula kuti moto ndi umene ukudzutsa poizoniyo. Analamula kuti madzi akumwa asamawiritsidwenso, azingosefedwa pa kansalu koyera. Magetsi anali akuthimathima, gasi ndi wodula, palibe anatsutsa. Agogowa sindiwaseka. Zimene anaona zinali zoona, anangozimasulira mokhota, ndipo munthu amene akanawamasulira bwino anali atabwera n'kupita.

Kumapeto kwa Okutobala mwana wa zaka ziwiri wa banja lina la lendi anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Inali nthawi yoopsa. Kolera amene anayambira ku Chegutu mu Febuluwale chaka chomwecho anali atafika mu Harare, ndipo Kuwadzana, pafupi pomwepa, kunali kwina kumene anakula kwambiri. Mu Novembala mzinda unalengeza kuti zafika pa ngozi. Mayi a mwanayo sanachedwe, anathamangira naye kukiliniki. Sanamupeze ndi kolera. Anapatsidwa ORS ndi zinc, ndipo patatha masiku anayi anayamba kudya. Mayiyo ndi amene anandiimbira, osati mwini nyumba.

Ulendo wachiwiri

Linali Lachitatu. Ndisanafike n'komwe pakhomopo ndinadutsa mzere wa zidebe pa mjigo wa m'deralo, ndipo nditafunsa anandiuza kuti mipopi yauma kuyambira Lamlungu. Nditalowa pageti ndinapeza mtsikana akutsuka mbale pa sinki ya panja, mpopi ukutuluka bwinobwino.

Thanki ya malita 5,000 pa anthu 19, okhala ndi chimbudzi chamadzi ndi zochapa za ana, siifika tsiku lachinayi. Ndinagogoda thankiyo, inali yodzaza kupitirira theka. Ndinayeza pampopi womwe uja wa kukhitchini. DPD sinasinthe mtundu ngakhale pang'ono. Madontho a EDTA ndinawerenga mpaka ndinayamba kukayikira dzanja langa, ndinabwereza, zinatuluka chimodzimodzi: kupitirira 300. Sopo yemwe uja ankangoterera m'manja n'kusiya zoyerayera m'beseni.

Ndinapempha bambowo kuti tikhale pansi awiri.

"Bambo, madzi awa si a khonsolo. Akuchokera kuti?"

Anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa ngati ndimagwira ntchito ku khonsolo. Nditawatsimikizira kuti ayi, ananditengera kuseri kwa kanyumba kaja, n'kusuntha nkhuni ndi lata. Pansi pa latalo panali dzenje lomangidwa ndi njerwa, lakuya mpaka m'mawondo, ndipo m'menemo munali mutu wa mjigo wa pampu yamagetsi, chibhorani monga amanenera anzathu a Chishona. Mwana wawo wa ku Johannesburg ndi amene anatumiza ndalama zokumbitsira. Sanaulembetse. Mjigo kuno umafuna chilolezo, ndipo umalembetsedwa ku khonsolo ndi ku Upper Manyame Sub-Catchment Council. Bambowo ankaopa chindapusa, ndiye pa ulendo woyamba anayankha chokhacho chimene ndinafunsa.

Apa pali phunziro limene ndalilipira mokwera. Mu mzinda wa madzi odukiza, mpopi umodzi ukhoza kukhala ndi magwero awiri kapena atatu pa mlungu umodzi: khonsolo, mjigo, ndi galimoto zogulitsa madzi. Funso loti madzi awa ndi a khonsolo kodi silikwanira. Masiku ano ndimafunsa kuti khonsolo ikatseka mumamwa ati, thanki imadzaza ndi chiyani, ndipo ndimatsata paipi yolowa m'thanki ndi maso anga mpaka kumene yachokera. Ndimafunsanso amayi ndi ana amene amatunga, chifukwa mwini nyumba ali ndi zifukwa zake zosanenera zonse. Ndipo sindilembanso lipoti la nyumba ya mu Harare ndi sampulo ya tsiku limodzi. Ndimafuna ya tsiku la madzi ndi ya tsiku louma.

Hardness yokwera choncho sinandidabwitse nditaona dothi la m'mbali mwa dzenjelo, katondo wofiira. Harare yakhala pamalire a miyala yamitundu iwiri. Kummwera ndi kummawa kuli granite, miyala ija imaoneka itasanjikizana ku Epworth, ndipo madzi a pansi pake kawirikawiri sasiya nkhoko yambiri, m'malo mwake amakonda kudya mapaipi achitsulo. Kumpoto ndi mbali zina za kumadzulo kuli miyala yakuda imene imabala katondo, ndipo imeneyi ili ndi calcium ndi magnesium wochuluka. Madzi a m'nyanja, amene ndi amvula oyenda pamwamba, sakhalitsa m'miyala ngati a pansi. N'chifukwa chake pampopi umodzi womwewo hardness ya madzi a mjigo inali kuchulukitsa katatu ya madzi a khonsolo.

Chimene chinandidetsa nkhawa chinali dzenjelo. Paipi ya mjigo inadulidwira pansi pa msinkhu wa bwalo, chivundikiro chake chinali chongoikapo, ndipo pamene chingwe chamagetsi chimalowera panali mpata wolowa chala. Kuzungulira paipiyo panalibe simenti, dothi lokhalokha lomwe linali litatitimira. Pa njerwa panali mzere wa matope wosonyeza pamene madzi amafika dzenjelo likadzaza. Nditayeza ndi mapazi, manhole ya chimbudzi cha pakhomopo inali pa mamita asanu ndi atatu. Amayi anandiuza kuti imasefukira ikatsekeka, ndipo inali itasefukira mwezi womwewo. Timaphunzitsidwa mamita 30 pakati pa chitsime ndi chimbudzi, koma pa puloti ya m'madera athuwa mamita 30 ndiye kuti wafika kwa neba wachitatu. Chimene chingateteze mjigo wa pamalo otere ndi mmene mutu wake watsekedwera. Amene anali kuno mu Seputembala 2018 akukumbukira kuti kolera wa ku Glen View ndi Budiriro anadzera m'mijigo ndi zitsime zimene zinalowedwa zonyansa.

Ndinatenga masampulo atatu, pa mjigo, m'thanki ndi pampopi, m'mabotolo a kulabu, m'bokosi la ayezi, n'kuwafikitsa maola asanu ndi limodzi asanathe.

Mita yoyenda chobwerera

Ndisananyamuke ndinafuna kuona mmene thanki inalumikizidwira. Pulambala amene anagwira ntchitoyo anangodula paipi yochokera ku mita n'kuikapo T, cholumikizira chimene chinagwirizanitsa paipi ya thanki ndi ya khonsolo. Valavu yoletsa madzi kubwerera anaiika pansi pa thanki, kuti a khonsolo akabwera ndi mphamvu asakwere n'kuisefukiza. Ku mbali ya mita sanaike kanthu. Anangowauza kuti khonsolo ikatseka azitseka kavalavu ka pa mita. Kavalavuko kanali kakale, kosatseka mpaka kumapeto, ndipo masiku ambiri panalibe wokakumbukira.

Tinatseka mipopi yonse ya m'nyumba n'kukagwada pa mita. Kagudumu kake kanali kakuzungulira pang'onopang'ono, chobwerera. Madzi saiwala khwawa: a m'thanki, atapeza paipi ya mumsewu ili yopanda kanthu, ankatsika n'kumapita kumunsi.

Bambowo anagwira pakamwa. Kwa chaka chathunthu anali akukangana ndi maroja kuti amawononga madzi, kuti thanki imadzaza usiku magetsi akabwera koma pofika masana yatsika. Banja lina anali ataliopseza kuti lisamuke.

Ndinayenda ndi kabokosi kanga kutsika msewu. Panyumba yoyamba kumunsi, mayi anandiuza kuti masiku ouma mpopi wawo wa panja umadontha, makamaka m'bandakucha, ndipo amasiya chidebe usiku wonse. Panyumba yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu ndi ya achimwene ena a ku Mulanje, amene anaseka n'kuti amenewo amawatcha madzi amwayi. M'zidebe zonse zitatu hardness inali yofanana ndi ya m'thanki ija, klorini palibe. Panyumba yachinayi mpopi unali wouma gwa. Nkhoko imene bambowo anabwera nayo kutchalitchi ngati mdani ndi imene inakhala chidindo chotsatira madzi a mjigo kuti afika pati. Kuyeza kwake ndi kwa mphindi zitatu, kotchipa, kosafuna labu, ndipo pamene magwero awiri akusiyana chonchi kumakuuza pomwepo amene uli nawo m'kapu.

Zotsatira za kulabu zinabwera Lachisanu. E. coli anapezeka m'masampulo onse atatu, makumi angapo pa mamililita 100, pamene madzi akumwa sayenera kukhala naye ngakhale mmodzi. Nitrate, mchere wosaoneka umene umalowa m'madzi kuchokera m'zimbudzi kapena feteleza, inali itadutsa pang'ono malire a WHO a mamiligalamu 50 pa lita. Mu lipoti sindinalembe kuti madziwo ndiwo anadwalitsa mwana uja, chifukwa sampulo ya madzi siingagamule mlandu wotero. Ndinalemba kuti madziwo sanali oyenera kumwa osawiritsa, ndipo kuti anthu a nyumba zinayi anali akuwamwa.

Zimene tinachita, ndi ndondomeko yake

Choyamba sindinachidikirire labu. Lachitatu lomwelo ndinapempha kuti amayi onse ndi agogo abwere kukhitchini. Kulamula kuti ayambirenso kuwiritsa sikukanathandiza, chifukwa nditatuluka pageti mawu a agogo ndi amene akanatsala. Ndinapempha chigoba cha dzira ndi viniga. M'sosa imodzi ndinaika chigoba chophwanya, m'ina nkhoko ya m'ketulo, n'kuthira viniga monsemo. Zonse ziwiri zinachita thovu mofanana.

"Agogo, chimene chili m'ketulomu ndi chomwechi chili pa dzira. Chinali m'madzi kale, chosaoneka. Moto umangochikhazika pansi. Chimene chimadwalitsa ana sichioneka n'komwe, ndipo moto womwewo ndi umene umachipha."

Agogo anayang'anitsitsa masosawo, n'kunena kuti ndiye ndi chikomekome cha nkhuyu, madzi oyerawo. Kuyambira pamenepo iwo ndi amene anakhala wapolisi wa kuwiritsa. Tinagwirizana kuti madzi awire mpaka kubwadamuka, azizire, atsanulidwe pang'onopang'ono m'chidebe chovundikira kusiya zoyera pansi, ndipo ofuna kusefa pa kansalu asefe atawiritsa, kansaluko kakhale kochapa bwino. Kwa amene gasi wawathera, WaterGuard kapena Aquatabs, mankhwala a klorini othira m'madzi, motsatira zolembedwa pa paketi.

Mwana wa miyezi inayi anafuna lamulo lakelake zotsatira za nitrate zitabwera. Nitrate sachoka ndi kuwiritsa. Madzi akaphwera, nitrate amangochuluka m'madzi otsalawo. Ndipo amene amaopsezedwa naye kwambiri ndi makanda omwa mkaka wosungunula, chifukwa amalepheretsa magazi awo kunyamula mpweya bwino. Tinapatula chidebe chimodzi cha madzi a khonsolo, chotunga tsiku la madzi atasiya mpopi utuluke kaye mpaka kuyera, chowiritsa, cha mkaka wa mwanayo basi. Mfundo imeneyi ndi yosavuta kuiphonya ukamangolalikira kuti wiritsani.

Chachiwiri chinali kudula T uja. Pulambala wina amene ndimagwira naye ntchito anati tingoika valavu yoletsa kubwerera pa mita, n'zotchipa. Ndinakana. M'madzi a nkhoko ndi mchenga mavalavu amenewa amakakamira ali otsegula, ndipo palibe amadziwa mpaka wina atadwala. Tinasiyanitsa mizere iwiriyo kotheratu. A khonsolo tsopano amafika pampopi wawo wa kukhitchini ndi wina panja, a mjigo amadyetsa chimbudzi, bafa ndi sinki yochapira, ndipo palibe pamene mapaipi awo akukhudzana. Mpopi wa mjigo tinaupaka penti yofiira kuti ngakhale mwana adziwe.

Chachitatu ndi chimene tinakangana kwambiri. Mwana wa ku Johannesburg uja anaimba foni kuti ndalama zilipo, tigule softener nkhani ithe. Ndinamufotokozera kuti makina amenewo amachotsa calcium ndi magnesium n'kuikamo sodium, amafuna matumba a mchere mwezi ndi mwezi, amafuna madzi amphamvu ndi magetsi odalirika, ndipo tizilombo sapha ngakhale kamodzi. Akanathetsa nkhoko, chizindikiro chokhacho chimene chinkaoneka, n'kusiya E. coli ali phee. Sefa ya reverse osmosis ikanachotsa nitrate, koma imataya madzi ambiri ndipo masefa ake amatsekeka msanga m'madzi otere. Pa anthu 19 ikanakhala chokongoletsa khoma pakatha miyezi ingapo. Ndinamupempha kuti ndalamazo zipite ku simenti ndi mapaipi. Sanasangalale, chifukwa simenti siioneka pa chithunzi cha pa WhatsApp, koma anatumiza.

Tinakumba mozungulira paipi ya mjigo kupitirira mita imodzi, n'kuthira konkire, kukwirira dzenje lija, kukweza paipi kufika m'mawondo pamwamba pa bwalo, kuika chivundikiro chotseka ndi kumanga kabwalo kotsetsereka kuti madzi azithawa. Pokumba cha ku manhole tinapeza paipi yakale yadothi itang'ambika ndi mizu ya mtengo wa mapeyala, n'kuisintha. Kenako tinathira HTH, ufa wa klorini, mu mjigo pa mlingo wamphamvu, kuusiya usiku wonse, kupopa mpaka fungo litatha, ndi kukwecha thanki. Ponena za hardness yeniyeniyo, mankhwala ake anali viniga m'ketulo kamodzi pa milungu iwiri, ndi kuchapa zovala zambiri tsiku la madzi a khonsolo kuti sopo asamathe msanga.

Chachinayi chinali kuuza anthu. Bambowo sanafune kuti aneba adziwe, ndipo sanafune n'komwe kuti a zaumoyo amve. Ndinawauza poyera kuti za chilolezo ndi nkhani yawo, ine si wapolisi, koma nyumba zitatu zimene zamwa madziwo m'nyengo ya kolera ziyenera kuuzidwa, ndipo ndikauza mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kaya avomere kaya akane. Ndinawapempha kuti tipitire limodzi. Anavala jekete n'kunditsogolera. Mlangiziyo anayendera nyumba zonse zinayi n'kugawa mapiritsi a klorini. Pambuyo pake bambowo anayamba okha kuyendetsa mapepala olembetsera mjigo.

Zotsatira

Tinadikira milungu iwiri kuti klorini atheretu tisanayezenso, chifukwa sampulo yotenga mawa lake imangokuuza kuti HTH amagwira ntchito. Ya pakati pa Disembala inabwera yopanda E. coli. Ndinasangalala, ndipo ndikanatseka fayilo pamenepo chikanakhala kulakwitsa kwachiwiri. Mvula itagwa yamphamvu mu Januwale ndinabwerera, ndipo E. coli anali atabweranso, ochepa, osafika khumi. Konkire wathu anatseka njira ya pamwamba, koma mjigo umene sunatsekedwe bwino pokumba suchira ndi chigamba cha mita imodzi, ndipo pansi pa dera lodzaza anthu chonchi madzi osaya amakhala atadetsedwa kale.

Ndiye tinavomereza kuti mjigowu udzafuna klorini masiku onse. Ndinaphunzitsa mnyamata wina wa pakhomopo kusungunula magalamu 15 a HTH mu lita imodzi ya madzi, kusiya kuti zoyera zikhazikike, n'kuthira theka la lita ya madzi a pamwambawo m'thanki ikadzaza. Umenewo ndi mlingo wa pafupifupi miligalamu imodzi pa lita mu malita 5,000. Pakatha mphindi 30 amayeza ndi DPD pampopi wofiira, kufuna kuona cha pa 0.5, ndipo amalemba m'kope lopachika pa sitandi. Mlungu woyamba anthu anadandaula fungo, tinachepetsa pang'ono mpaka kupeza pamene klorini akutsala koma bafa likusambika.

Ulendo wanga womaliza unali mu Malichi 2024. Sampulo ya pampopi wofiira inali yopanda E. coli, ndipo m'kope munali mipata ya masiku atatu okha pa mwezi wonse. Hardness inali pomwe paja, kupitirira 300. Nitrate sinatsike, choncho chidebe cha mwana chinali chikadali pakona pake ndi chivundikiro. Thanki tsopano imafika madzulo, ndipo banja lija linkafuna kuthamangitsidwa lidakalipo. Achimwene a ku Mulanje anandiimitsa pamsewu n'kundidandaulira mwanthabwala kuti ndinawaphera mwayi. Masiku ouma amabwera ndi chidebe pageti la bambowa n'kutunga pampopi wofiira, thanki ikathiridwa mankhwala. Ketulo ndi yomwe ija. Agogo ananditulutsira kuti ndione, pansi pake pali kankhoko kopyapyala ka milungu iwiri, botolo la viniga lili pawindo. Sampulo yotsatira tinapangana kuti ndidzatenge mu Novembala, mvula yoyamba ikadzagwa.